Guluu kapena tepi? Kuika siling'i mu Beetle yakale kuti isadzagwe mu Okutobala

Siling'i yoyamba imene ndinaika m'galimoto ya Volkswagen Beetle inangokhala masabata 7. Ndinaimata kumapeto kwa Ogasiti, mphepo ikadalipo, ndi guluu wopopera amene mnyamata wa mu hadiweya ina anandigulitsa akulumbira kuti amagwira china chilichonse. Inaonekadi bwino, moti aliyense wokwera ankayamba wayang'ana kumwamba asanakhale n'komwe. Kenako linafika dzuwa la Okutobala. Tsiku lina ndinasiya galimoto pamtetete kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2, pobwera ndinapeza pakati pa denga patatupa ngati pagona mphaka. Chinsalu chokhuthala chotchinga kutentha chimene ndinamata kuchitsulo chinali chitamatuka n'kugwera pa siling'iyo. M'makona akumbuyo namonso nsalu inali italekana ndi chitsulo, pakati pake pali timaulusi ta guluu totamuka ngati ulimbo wa ana otchera mbalame.

Guluu uja sanali wachinyengo ayi. Pa mapepala, makatoni ndi tinsalu topepuka ndi katswiri. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinafunsa kuti wamphamvu ndi uti, m'malo mofunsa kuti amapirira kutentha kofika madigiri angati. Amene anagonapo masana m'nyumba ya malata yopanda siling'i akudziwa mmene lata limaotchera. Denga la galimoto ndi lata lomwelo, ndipo likakhala la penti wakuda limapitirira madigiri 70 mosavuta. Za ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene mpweya weniweniwo umadutsa 40, musachite kufunsa.

Yambani mwadziwa mtundu wa siling'i yanu

Lowani m'galimoto, muyendetse dzanja kudenga kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mukamamva misoko yopingasa, pamsoko uliwonse pali kachitsulo kowonda mkati, ndipo pakati pa misokoyo nsalu ikulowa mukaidina chifukwa kuseri kulibe kanthu, ndiye kuti yanuyo ndi yopachika. Tizitsulo timeneti n'topindika ngati uta, choncho ndizingotitchula kuti mauta. Beetle ndi yotere, monganso magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Pa mtundu umenewu guluu sanyamula siling'i. Imanyamulidwa ndi mauta, m'mawindo imapanidwa ndi labala wa galasi, ndipo guluu amangogwira m'mphepete kuti nsalu ikhale yokungika ngati chikumba cha ng'oma.

Mtundu wina ndi wa bolodi. Mukadina mumamva cholimba kuseri, ndipo nsalu yake imakhala ndi kasiponji kopyapyala komatidwa pa bolodilo paliponse. Range Rover yakale ndi Land Rover Discovery yoyamba, imene inatuluka mu 1989, n'zodziwika ndi siling'i yotere ikayamba kulendewera mpaka kukhudza mutu wa dalaivala. Apa guluu ndiye amanyamula nsalu yonse, ndipo wofunika ndi wina.

Ngati mukuitanitsa siling'i yosokedwa kale, musangonena kuti ya Beetle. Mawindo anasintha kangapo. Galasi lakumbuyo linali logawika pawiri mpaka 1953, linakhala lozungulira ngati dzira mpaka 1957, kenako linakula, ndipo mu 1964 mawindo onse anawakulitsanso. Mu 1972 kunabwera Beetle ya mtundu wa 1303, ya galasi lakutsogolo lopindika. Zopangidwa ku Uitenhage ku South Africa, kumene anasonkhanitsa ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979, zina zinkasakaniza zipangizo za zaka zosiyana, ndiye jambulani mawindo anu, muwerenge mauta, mutumize kwa wogulitsa musanalipire.

Kusankha guluu

Wa m'mphepete mwa siling'i yopachika ndi amene pachitini amalembapo kuti Contact Adhesive, wopaka ndi burashi. Ndi m'bale wake wa guluu wa achimwene okonza nsapato pamsika, uja amapaka mbali zonse ziwiri n'kuziika pambali kaye akucheza nanu. Amapangidwa ndi labala wa neoprene wosungunulidwa m'mankhwala ouluka msanga. Mankhwalawo akauluka, mbali ziwirizo zikangokhudzana zimagwirana nthawi yomweyo, ndipo n'zimene mukufuna pa nsalu imene mwaikunga ndi dzanja limodzi.

Koma si chitini chilichonse cha Contact chimene chili cha denga la galimoto. Mayina ngati Genkem, Pattex ndi Bostik mumawapeza m'mahadiweya ambiri kummwera kwa Africa kuno, ndipo kampani iliyonse ili ndi mitundu ingapo. Tembenuzani chitini, mufufuze pamene alemba za kutentha. Ine sindigula wosafika madigiri 90, ndipo wa 100 kapena kuposa ndiye ndimagona tulo. Chitini chimene sichinena chilichonse za kutentha ndimachibwezera pashelefu, ngakhale wogulitsa atachitama motani.

Chenjerani ndi zitini zochokera ku America. Nambala zake zimakhala za Fahrenheit, ndipo zimaoneka zazikulu mpaka munthu kusangalala. Pakalembedwa 150 F ndi madigiri 66 okha a kwathu kuno, amene denga lakuda limawadutsa nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndi 200 F imene ili pafupifupi 93. Amisiri a kumeneko amakonda Weldwood Landau Top & Trim wa kampani ya DAP, amene anapangidwira kumata vinyl, nsalu ya pulasitiki yooneka ngati chikumba, pamwamba penipeni pa denga, panja padzuwa. Nayo 3M inasiyanitsa zopopera zake: kuli za ntchito wamba, ndiye kuli Headliner & Fabric Adhesive ya nambala 38808 ndi Super Trim Adhesive ya nambala 08090, zimene ndi za m'galimoto. Dzina la kampani palokha silikuuzani kanthu, werengani mawu ang'onoang'onowo.

Musavutitse achibale a ku Johannesburg kapena ku London kuti akunyamulireni guluu wotere pandege. Ndi wosachedwa kuyaka, saloledwa m'chikwama, ndipo akamulanda pabwalo la ndege mudzangodana pachabe. Tepi ndiye angabwere nayo.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Vinyl, nsalu ya pulasitiki yooneka ngati chikumba ija, imafewa chifukwa cha mafuta ena amene amathiramo poipanga. Ikatenthedwa mafutawo amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa mu guluu, guluu n'kusanduka phala lonanda. N'chifukwa chake guluu wina amagwira bwinobwino miyezi itatu kenako n'kungotaya popanda amene wamukhudza. Chitini chikanena kuti ndi choyenera vinyl kapena PVC, chimenecho ndiye chanu. Chokuthandizani n'chakuti vinyl ya siling'i imakhala ndi nsalu kuseri, ndipo guluu amapakidwa kunsaluko.

Ena onsewa asiyeni m'kabati. Supa guluu amauma gwa, amathetheka, ndipo amadetsa nsalu. Woyera wa akalipentala sagwira chitsulo. Wa timitengo tosungunula ndi kamfuti kamagetsi amamata chifukwa cha kutentha, ndiye kutentha komweko kumadzamumasula. Silikoni wonunkha ngati vinega amaitana dzimbiri pachitsulo, komanso pamene wakhudza sipagwiranso penti kapena guluu wina.

Nanga tepi?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo ndimalimvetsa. Tepi yomata mbali zonse sinunkha, sidontha, siboola nsalu yoyera n'kusiya banga lachikasu. Munthu amene akuika siling'i koyamba amaopa burashi, ndipo sakulakwa.

Vuto lake n'loti tepi imadana ndi kukokedwa kosalekeza. Mukaikoka mwadzidzidzi imakana, koma muisiye ndi nsalu yokungika imene ikuikoka usana ndi usiku pachitsulo chotentha, imayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, lero milimita imodzi, mwezi wamawa ina. Komanso kuseri kwa vinyl kuli ubweya wa nsalu, ndiye tepi imangogwira nsonga za ubweyawo, pamene guluu wamadzi amalowerera mkati mwa ulusi. Pachifukwa chimenechi, m'makona akumbuyo ndi pena paliponse pamene palibe chopana nsalu, tepi musaiyerekeze.

Pamene ili ndi ntchito ndi pamlomo wa windo, kachitsulo kopyapyala kozungulira kamene labala wa galasi amaluma. Pamenepo chogwira chenicheni ndi labala, ndipo tepi imangokhala ngati dzanja lachitatu logwirizira nsalu mpaka galasi litabwerera. Ikhale yopyapyala ndiponso ya guluu wa mtundu wa acrylic. Yodziwika bwino ndi tesa 4965, ya chikutiro chofiira, yokhuthala pafupifupi mamilimita 0.2, imene imapirira madigiri 100 kwa nthawi yaitali. Tepi ya siponji yomatira manambala a galimoto, kapena 3M VHB 4941 imene ndi yokhuthala mamilimita 1.1, n'zamphamvu pa ntchito zake, koma pamlomo wa windo zimanenepetsa chitsulo, labala osakhala bwino, mvula yoyamba madzi ali pampando. Tepi ya kapeti ndi zina zotchipa za m'sitolo ya mabuku zimasungunuka.

Tepi imafunanso kudinidwa mwamphamvu ndi kupatsidwa nthawi. A 3M amanena kuti VHB imafika theka la mphamvu zake pakatha mphindi 20, ndipo mphamvu zonse pakatha maola 72. Ineyo masiku ano ndimapaka guluu ponseponse, tepi ndimangoisungira pamwamba pa galasi lakutsogolo, pamene dontho limodzi lolakwika lingamandiyang'ane m'maso tsiku lililonse ndikamayendetsa.

Yesani kaye palata

Izi zimadya masiku awiri, ndipo n'zimene zikanandipulumutsa ulendo woyamba uja. Pezani chidutswa cha lata chosalala, ngati chili ndi penti wakuda ndiye bwino. Dulani timizere ta vinyl yanu yomweyo, mulifupi masentimita 5, mulitali 20. Matani theka la kamzere kalikonse, kena ndi guluu uyu, kena ndi uyo, kena ndi tepi, theka linalo lizilendewera. Lembani ndi choko kuti aka n'ka chiyani. Dikirani tsiku lathunthu.

M'mawa mwake sanjikani latalo pa njerwa ziwiri padzuwa, timizere tili kunsi monga mmene zimakhalira m'galimoto, ndipo kunsonga ya kalikonse mangirirani botolo la madzi la theka la lita. Bwerani 2 koloko masana. Guluu wosayenera mudzamupeza atatamuka, botolo lili pansi. Woyenera mukamamusenda ndi dzanja amang'amba ulusi wa nsalu m'malo molekana ndi chitsulo. Yang'ananinso kumaso kwa vinyl ngati kwachita chikasu kapena matuza.

Ngati yanu ndi ya bolodi

Zanu n'zachidule. Nsalu yalendewera chifukwa siponji ya kuseri yafumbutuka n'kukhala ufa wachikasu, ndiye kupopera guluu pa ufawo n'kutaya ndalama, nsaluyo ndi yotaya. Tsitsani bolodi lonse, mulitulutsire kuchitseko chakumbuyo, mupale ufawo ndi burashi yolimba mpaka dzanja lizibwera loyera. Gulani nsalu yatsopano yokhala kale ndi siponji. Apa ndiye pofunika guluu wopopera wopirira kutentha, chifukwa wa burashi amanyowetsa siponji n'kutulukira kumaso. Yalani nsalu, pindani theka, poperani bolodi ndi siponji yomwe, dikirani monga chitini chanenera, kenako yalani ndi chikhatho kuchokera pakati. Nsonga za zala zimasiya timaenje tosafufutika. Mukamaliza theka limenelo chitani linalo, ndipo gulani zitini ziwiri kapena zitatu, chimodzi chimathera panjira.

Kuchotsa yakale mu Beetle

Tulutsani mipando. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo, chotsani waya wake musanayambe, chifukwa mugwira mawaya a nyale ya kudenga komanso mudzaza galimoto ndi mpweya woyaka.

Magalasi ayenera kutuluka: lakutsogolo, lakumbuyo ndi awiri a m'mbali kumbuyo. Ndikudziwa, aliyense amafuna njira yozemba pamenepa, ndipo ine ndinayesapo kukankhira nsalu pansi pa labala ndi sipuni. Sizikhalitsa. Ngati malabala ndi akale, olimba ngati tayala, musalimbane nawo. Dulani mlomo wake ndi mpeni wakuthwa, galasi lituluke mwaulemu, mugule malabala atsopano. Labala amapezeka, galasi la Beetle ya 1962 mungalisake chaka.

Musanang'ambe chilichonse jambulani ndi foni kona iliyonse, makamaka mmene nsalu inapindidwira pamwamba pa zitseko ndi mmene zidutswa zinasanjikizirana. Mauta muwatulutse limodzilimodzi n'kumawalemba nambala kuyambira kutsogolo, pakuti kuwaona amafanana koma ena amasiyana kutalika ndi kapindikidwe. Titsekerero ta kunsonga zake musataye, tikasowa uta umalira kwichikwichi pa bampu iliyonse. Siling'i yakaleyo isungeni mpaka ntchito itatha, ndi mapu anu.

Pamwamba pa zitseko mupeza kachitsulo ka mano ngati a sowo, kamene kamaluma nsalu popanda guluu. Kakhale kowongoka, mano opindika muwadzutse mosamala ndi sikuludiraiva.

Tsopano ntchito yotopetsa, imene ndi theka la nkhani yonse. Guluu wakale yense achoke pamilomo ya mawindo, mupale, mupukute ndi thinner pang'ono pakansalu, osakhudza penti wakunja. Pansi pa labala wakale pamabisala dzimbiri, makamaka m'makona a m'munsi. Likwecheni ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pakani mankhwala a dzimbiri ndi penti, ndipo pentiyo aume masiku angapo. Guluu wa Contact amafewetsa penti wosakhwima, ndiye mudzapeza nsalu yamatuka itanyamula penti yemweyo. Pomaliza pukutani ndi sipiriti. Petulo ndi palafini ayi, zimasiya mafuta.

Masikuluu onse a zotchingira dzuwa, a galasi loonera kumbuyo ndi a zogwirira muwabwezere m'mabowo ake tsopano lino, siling'i isanalowe. Mudzandithokoza kumapeto. Waya wa nyale naye mumukokere pamalo ake.

Chotchinga kutentha cha kudenga, chija chinandichititsa manyazi, ndicho chokhacho chimene chimamatidwa kuchitsulo chotentha kwambiri chili chozondoka. Apa pakani guluu wanu wabwino koposa, mbali zonse ziwiri, osaumira. Sankhani chopepuka, ndipo muone kuti sichikutsekereza njira ya mauta.

Kupachika, guluu asanatsegulidwe

Sankhani tsiku lotentha koma louma. Yalani siling'i yatsopano padzuwa kwa theka la ola, pansalu yoyera, kuti ifewe ndipo mapindo a m'katoni achoke. Tsiku la chiperoni kapena la mvula siyani, chifukwa mankhwala a mu guluu akamauluka amaziziritsa pamalopo, chinyezi n'kukhalapo, guluu amachita mbuu ndipo sagwira bwino.

Gwirirani pamthunzi podutsa mphepo, zitseko zili pululu. Mpweya wa guluuyu ndi wolemera, umadikha pansi pa galimoto, ndipo umayaka ndi kamoto kochepa. Mbaula, fodya ndi wowotcherera zitsulo zikhale kutali. Mutu ukayamba kuwawa kapena kuzungulira tulukani, musapirire. Sambani m'manja kawirikawiri, siling'i yoyera imasunga chidindo cha chala chilichonse.

Zidutswa zing'onozing'ono zimayamba: za pamizati ya pakati pa chitseko ndi windo lakumbuyo, ndi za m'munsi mwa mawindo, chifukwa chinsalu chachikulu chimadzaphimba nsonga zake. Mukatero pindani chachikulucho pakati m'litali, muike kachizindikiro ka choko kuseri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ikaninso chizindikiro pakati pa windo lakutsogolo ndi lakumbuyo. Lowetsani mauta m'matumba ake motsata nambala zija, nsalu ikhale yofanana mbali zonse, ndipo muwakweze kudenga kuyambira kumbuyo. Matumbawo amakhala aatali dala. Adulireni pang'ono kunsonga kuti uta ufike m'malo mwake, koma pang'onopang'ono, sentimita imodzi nthawi imodzi. Mukadula kwambiri msoko umalendewera pakona ndipo palibe guluu angaukonze.

Apa mufunika makilipi akuda opanira mapepala a mu ofesi, 40 kapena kuposa. Mapegi a zovala amathandiza koma alibe mphamvu. Kokani nsalu pakati kumbuyo, panani pamlomo wa windo. Pitani kutsogolo, kokani mpaka mauta onse aimirire ndipo misoko iwongoke, panani. Kenako m'mbali, msoko ndi msoko, kumanzere kamodzi kumanja kamodzi, kuti pakati pasasunthe. Tulukani, suzumirani pawindo lakumbuyo, muone ngati misoko yapingasa mowongoka. Masulani, kokaninso, panani. Bwerezani mpaka mutakhutira, ngakhale litapita tsiku lonse, pakuti makilipi amakhululuka koma guluu wa Contact sakhululuka. Ine ndimaisiya chomwecho usiku wonse, m'mawa ndimapeza yadzikonza yokha pena ndi pena.

Kumata

Musachotse makilipi onse. Chotsani atatu kapena anayi, malo otalika ngati chikhatho ndi theka, mumate pamenepo, mubwezere makilipi, musunthire patsogolo. Yambani pakati pa windo lakumbuyo, kenako pakati pa lakutsogolo, muzipita kumakona.

Burashi ikhale yaing'ono. Pakani mopyapyala pachitsulo, mkati ndi kunja kwa mlomo, ndiponso kuseri kwa nsalu masentimita 3 kapena 4 okha, pamene padzabisike. Vinyl ya ma Beetle ambiri ili ndi timabowo ting'onoting'ono, ndipo guluu wochuluka amatulukira m'timabowomo ngati thukuta. Akatero musapukute ndi thinner, mungasungunule nsalu. Musiyeni aume, mumufikise ndi chala choyera, amachoka ngati timipira.

Ndiye dikirani. Madala ena okonza mipando ya magalimoto atandiona ndikuthamangira kugwirizitsa anangoti, "Mwanawe, ameneyo samata akadali wamadzi, pita ukamwe tiyi." Nthawi zambiri ndi mphindi 10 mpaka 15, koma kukatentha zimachepa, ndiye tsatirani chitini ndi chala chanu. Gundani ndi kuseri kwa chala. Akamananda koma osatsalira pakhungu, wapsa. Mukaphatikiza akadali wonyowa mankhwala aja amatsekeredwa mkati, amafewetsa vinyl, ndipo nsalu yokungika imatsetsereka muli pomwepo.

Kokani nsalu kufika pamene inali ndi makilipi, igundeni pachitsulo, ipindireni kuseri kwa mlomo, dinani mwamphamvu ndi chala chachikulu. Mphamvu ya guluuyu imachokera pa kudina. M'makona a mawindo nsalu imakana kupinda, ndiye ichekeni timano ndi sizasi, koma timanoto tilekere patali ndi pamene labala adzathere. Bwino kucheka kawiri pang'onopang'ono kusiyana n'kuona mng'alu utasuzumira kunja kwa labala.

Makona akumbuyo, pakati pa windo la m'mbali ndi lakumbuyo, ndiye pamayeso penipeni. Chitsulo chimapindika mbali ziwiri nthawi imodzi ndipo makwinya amasonkhana pamenepo. Tengani draya ya tsitsi, tenthetsani vinyl mpaka ifewe, kokerani pansi ndi kumbuyo, gwirani mpaka izizire. Draya isaime malo amodzi, ndipo muiyatse pokhapokha fungo la guluu litachepa m'galimoto. Mfuti yotenthetsera penti ndi yoopsa pa ntchito imeneyi, kungophethira kamodzi vinyl yanyezimira kapena yabooka.

Pamwamba pa zitseko dulani nsalu motsalako pang'ono, muikankhire kuseri kwa mano aja ndi chinthu chosathwa, monga supuni ya pulasitiki kapena mpeni wopakira batala wokulungidwa tepi, kenako gogodani kachitsuloko mofatsa ndi chibakera kuti kalume. Zotsala m'mawindo zidulidwe ndi lezala latsopano, mukusiya nsalu yokwanira kukuta mlomo wonse. Makilipi akhalebe mpaka mawa.

Kubwezera magalasi

Pamafunika anthu awiri ndi chingwe cha nayiloni chokhuthala ngati cha nsapato zamasewera. Valikani labala pagalasi. Lowetsani chingwe mumpata wa labala umene udzalume chitsulo, kuzungulira konse, nsonga ziwiri zidutsane pakati m'munsi. Pakani madzi a sopo pang'ono, osati mafuta, osatinso girisi. Chotsani makilipi, mnzanu agwirizire galasi panja, nsonga za chingwe zili mkati.

Ine amandithandiza ndi alamu anga, ndipo mawu ndi omwewo chaka n'chaka: "Alamu, dinani ndi chikhatho pamene pali chingwepo, osamenya." Inu mkati kokani chingwe pang'onopang'ono molunjika pakati pa galasi, mlomo wa labala uzidumphira mkati pamwamba pa nsalu. Kokani pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja. M'makona zungulizani dzanja ngati mukutakasa phala, ndipo diso likhale pa siling'i, chifukwa chingwe chimatha kuikoka n'kuimatula. Apa ndi pamene mudzaone ubwino wa guluu amene wagona usiku wonse, ndiponso chifukwa chake tepi yonenepa ija ndinaikana.

Magalasi akalowa, patsani guluu masiku awiri pamthunzi. Tsiku lachitatu ikani galimoto padzuwa mawindo ali otseka, maola awiri kapena atatu. Timakwinya tating'ono timene tinakusowetsani tulo tambiri timatha tokha vinyl ikatenthedwa n'kuzizira.

Mabowo ndiye omalizira. Papasani ndi chala mpaka mumve mutu wa sikuluu pansi pa nsalu, chekani kamtanda kakang'ono pamutu pomwepo ndi nsonga ya lezala, tulutsani sikuluuyo, ikani chotchingira dzuwa, mangani. Pa nyale papasani m'mphepete mwa bowo lachitsulo, chekani kuchokera pakati kupita kumakona koma osafika, pindirani nsaluyo mkati, kokani waya. Bowo likachepa mukhoza kulikulitsa, choncho yambani ndi laling'ono kuposa mmene mukuganizira, muyese nyaleyo, kenako muwonjezere milimita imodzi kapena ziwiri.